Sekuru Shaba, Munthu wa ku Chikago

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anamwalira, ndipo chinali chaka chomwecho chimene anthu anavota koyamba posankha pakati pa zipani zambiri. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ine ndinakulira pa Jenda chifukwa boma linatumiza bambo kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale chakufupi ndi pamenepo. Nyumba za aphunzitsi zinali zosakwanira, choncho tinkakhala ya lendi kuseri kwa magolosale. Mwini wake anali a Nyirongo, wamalonda wogula fodya ndi chimanga, amene anali ndi nyumba zambiri mumzere umenewo.

Bambo anadwala nthawi yaitali. Titakawaika kumudzi, abale anauza amayi kuti asabwererenso kumpoto, koma amayi anakana. Munda wawo ku Ntchisi unali utalimidwa kale ndi ena, pamene pa Jenda anali ndi benchi yawo pa siteji ya mabasi, yogulitsirapo tiyi ndi mandasi. A Nyirongo atabwera kudzapepesa maliro, anawatsimikizira kuti asade nkhawa. "Amama, aphunzitsi aja anaphunzitsa ana anga. Khalani mmenemu mpaka mwanayu amalize sukulu." Amayi anagwada powathokoza.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mnyamata wa butchala ndi banja lake, ndipo m'kachipinda kakuseri munkagona agogo ake, Sekuru Shaba. Anali munthu wamtali, wopindika msana, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo ankavala chijasi chakuda ngakhale mwezi wa Okutobala. Pa Jenda ponse ankangowatchula kuti a Chikago. Ankati ali mnyamata anayenda pansi kupita ku Halale, kenako ku Joni, mpaka kukafika kunyanja yaikulu kumene analembedwa ntchito yothira malasha m'sitima yapamadzi. Sitimayo itafika ku Amereka anatsika osabwereranso. Ena ankati ndi bodza la nkhalamba. Koma kudzanja lawo lamanzere kunalibe zala ziwiri, ndipo Chingerezi chawo chinkatulukira m'mphuno, chosiyana ndi cha wina aliyense amene ndinamumvapo.

M'mawa uliwonse ankabwera pakhonde pathu amayi asananyamuke. Mano analibe, ndiye amayi ankawasungira mandasi ofewa oti aviike mu tiyi. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono, maso ali kumsewu. Ine ndinkachedwa kusukulu chifukwa cha mafunso.

Anandiuza kuti ku Chikago ankagwira ntchito kophera ng'ombe. "Kuno ng'ombe imafa ngati ng'ombe," anatero tsiku lina akuonerera mdzukulu wawo akusenda chikopa pansi pa mtengo. "Kula imafa ngati chimanga m'chigayo." Ng'ombe zinkakwera zokha pamwamba pa chinyumba, n'kutsika zili m'zitini. Munthu aliyense anali ndi malo ake oimapo ndi mbali yake imodzi yodula, tsiku lonse, nyama ikudutsa pa unyolo pamwamba pa mutu. Iwo ankadula mwendo wakumbuyo. Pansi pankaterera ndi magazi, ndipo fungo lake linkakutsatira mpaka kutchalitchi. "Ine Mngoni, mwana wa m'khola, ndinkaweruka osadziwa ngati ng'ombe zimene ndadula zinali zofiira kapena zakuda." Zala zija zinatsalira kumeneko.

Ankanenanso za sitima zoyenda pamwamba pa msewu, pa miyendo yachitsulo, zimene zinkagwedeza makapu m'nyumba zikamadutsa. Za nyumba zazitali moti dzuwa linkafika pansi masana okhaokha. Za mphepo yochokera kunyanja imene inkaumitsa malovu asanagwe pansi. Ankati boma linaletsa mowa m'dziko lonse, koma mowa unkapezeka kuseri kwa malo ometera tsitsi ngakhale kwa ogulitsa mabokosi a maliro, ndipo apolisi ankabwera osati kudzagwira munthu koma kudzalandira gawo lawo. Akafika pa nkhani ya nyimbo nkhope yawo inkasintha. Ankati anthu akuda ochokera kuminda ya thonje kummwera anabwera ndi malipenga awo, ndipo lipenga la kumeneko silinkangolira, linkalankhula, kuseka ndi kutukwana. Ankang'ung'udza nyimboyo kukhosi, ndodo ikugunda pansi, nsapato ikuyankha.

Zina ankazinena mwachidule: kuti anthu akuda anawapanikiza m'kadera kamodzi kopapatiza, kuti chipinda chimodzi chinkadulidwa ndi matabwa kuti mulowe mabanja angapo, kuti panali msewu umene munthu wakuda sankawoloka ngati akuufuna moyo wake. Zimenezo ine sizinkandilowa. Ndinkangomva magetsi ndi malipenga. Ndinawauza kuti ndikadzakula ndidzapita kumeneko ndipo ndidzawatenganso amayi.

"Mbwenu, mzukulu," anatero. "Udzagule jasi."

Kenako misonkhano ya ndale inayamba. A Nyirongo anaima pa mpando wa phungu, ndipo malole awo a fodya anayamba kunyamula anthu m'malo mwa mabelo. Pa Jenda panali chisangalalo chimene sindinachionenso. Anthu ankalankhula mokweza m'mabasi zinthu zimene kale ankanong'onezana m'nyumba. Amayi analowa gulu la amayi ophika pamisonkhano, analandira nsalu, ndipo ankabwera mawu atasasa ndi kuimba. Ankati, "Kale tinkavina mokakamizidwa, lero tikuvina mwakufuna kwathu." Ine ndinali m'gulu la atsikana oimba kutsogolo kwa nsanja, ndipo nyimbo zonse za Chitumbuka ndinkazidziwa kuposa eni ake.

Tsiku lina anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kugawira okalamba shuga ndi mabulangete. Sekuru analandira ndi manja awiri. "Yewo chomene, adada," anatero kwa kamnyamata kosamera ndevu n'komwe. Anyamatawo atachoka, anaika bulangetelo pamiyendo n'kumalisisita. Ndinawafunsa chifukwa chimene sankabwera kumisonkhano.

Anati zimenezi anaziona kalekale. M'dera lawo ku Chikago munali bambo wina wachipewa chabwino, kapitawo wa mavoti, amene ankadziwa chitseko chilichonse. Kukazizira ankatumiza thumba la malasha. Pa Khirisimasi ankatumiza nkhuku. Mwana wako akamangidwa, iye ankapita kupolisi n'kubwera naye. Ukamusangalatsa ankakupezera ntchito yosesa m'misewu ya mzinda. Tsiku la chisankho ankabwera ndi galimoto, n'kuzungulitsa anthu malo ovotera osiyanasiyana, pena kuwasinthitsa chipewa, pena jasi, aliyense atapatsidwa dzina loti akatchule.

"Mayina a ndani?" ndinafunsa.

"A anthu akufa. Ine ndinalibe ngakhale chiphaso cha dzikolo, koma ndinaikako mameya."

Amayi ankamva ali m'kati. Atatuluka ndi beseni la mandasi pamutu, Sekuru anawaitana. "Anyina Tamanda, nsalu landirani, mphepo njeniyeni. Ife malasha aja tinkawotha ndithu. Koma musaganize kuti munthu wotere amakudziwani. Amadziwa chitseko chanu basi."

Amayi anaseka. "Adada, kuno si ku Amereka. A Nyirongo anabwera pamaliro a bambo ake a mwanayu."

Sekuru anangogwedeza mutu n'kupitiriza kumwa tiyi.

Tsiku lovota kunazizira, ndipo mizere inayamba kusanache bwino. Amayi anabwera akutionetsa chala cha inki ngati avala mphete. A Nyirongo anapambana kutali, ndipo tinavina pamsewu mpaka fumbi kutilowa m'mano. Koma zinamveka kuti pasukulu pamene anthu a dera lathu anavotera panapezeka mavoti ochepa a chipani chakale, chimene mphamvu zake zinali kwathu kuchigawo chapakati. Panalibe anafunsa zambiri. Anthu anangoti, angakhale ndaninso kupatula obwera.

Zinayamba pang'onopang'ono. Makasitomala ena a tiyi anasamukira pa benchi ina. Mayi amene ankaphika limodzi ndi amayi pamisonkhano anayamba kuyankha moni akuyang'ana kumbali. Kusukulu, mnzanga amene tinkaimba limodzi anandifunsa ngati ndi zoona kuti amayi anavala nsalu ya a Nyirongo kunja, mtima uli kwina. Amayi ankalumbira kuti anavotera a Nyirongo, ndipo ine ndimakhulupirira mpaka lero. Koma analibe chosonyeza. Chinsinsi cha voti, chimene aliyense ankachitama miyezi yonse ija, ndi chimene chinawasowetsa mboni.

Mlamu wa a Nyirongo anabwera kudzanena kuti nyumbayo ikufunika, asungiramo fodya. Amayi anavala nsalu ija n'kupita kunyumba kwa olemekezeka. Anakhala pakhonde m'mawa wonse, mpaka wantchito anawauza kuti bwana ali ku Zomba kunyumba ya malamulo. Anapitanso sabata ina. Ulendo umenewo galimoto inali pabwalo, koma anawauzanso kuti bwana ali ku Zomba. Ngakhale zinali choncho, amayi sanalongedze kanthu. Ankati olemekezeka sakudziwa zimene mlamu wawo akuchita, akadzamva adzakonza.

Anabwera Loweruka lina m'mawa, mwezi wa Julaye, mphepo ikuulutsa mapepala m'mizere ya magolosale. Mlamu uja anali ndi loko m'manja, ndipo anyamata amene anabwera nawo anali omwe aja tinkakwera nawo lole popita kumisonkhano. Sanatukwane, sanakankhe munthu. Ankangolowa ndi kutuluka, maso ali pansi. Anatulutsa bedi, mipando, mbaula, makatoni a mabuku a bambo, chiwaya cha mandasi. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi matiresi. Anali ndi madontho a matenda a bambo, amene amayi ankawabisa ndi nsalu ziwiri, ndipo tsopano anawatsamiritsa kukhoma, poyera, aliyense akuona. Anthu anasonkhana chapatali, manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Amayi anakhala pansi, miyendo atatambasula ngati pamaliro.

Sekuru Shaba anatuluka m'kachipinda kawo. Anayenda mpaka pa katundu paja, anatsamiritsa ndodo pa bedi, n'kugwira mpando wathabwa. Sanathe kuunyamula bwinobwino. Ankaukweza pang'ono, kusuntha phazi, kuutsitsa, kupuma, mpaka anakalowa nawo m'nyumba. Anatuluka akupumira m'mwamba n'kutenga beseni. Anyamata aja anaima osadziwa chochita. Mmodzi anati, "Lekani, sekuru, mungagwe."

Sekuru anatembenukira khamu lija n'kulankhula m'Chitumbuka, kuwaitana kuti abwere tinyamule, katunduyu abwerere m'nyumba. Anatchula ena mayina. Panalibe anasuntha. Telala wina anayang'ana kumsewu ngati kukubwera basi. Mayi wina anakonza mwana kumbuyo n'kuchokapo.

Ine ndinatola poto ndi mbale n'kuwatsatira. Tinalowa awiri, nkhalamba ndi mwana, m'nyumba yopanda kanthu imene mawu ankamveka ngati m'tchalitchi. Tikuika zinthu pansi, anyamata ankazitola mwaulemu n'kuzitulutsanso. Tinabwereza kangapo. Kenako amayi anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo, otsika ndi ouma. "Tamanda, siya. Bwera ukhale pansi."

Mdzukulu wa Sekuru anabwera kuchokera ku butchala, epuloni ili magazi, n'kuwagwira pamkono. Analankhula motsitsa, koma ndinamva. "Sekuru, nafenso tili m'nyumba ya a Nyirongo." Loko analira pachitseko, ndipo anthu anabalalika.

Masana tinasamutsira katundu m'mbali mwa msewu waukulu, kudikira lole ya chimanga yopita ku Kasungu imene dalaivala wake anavomera kutitenga. Amayi anapita kukatsanzika kwa abusa. Sekuru anakhala nane, atadzikuta ndi chijasi chija. Ine ndinali nditakwiya, ndipo mkwiyowo unagwera iwo chifukwa ndi amene anali pafupi. Ndinawafunsa chimene anatichititsira manyazi chotere pamene ankadziwa kuti sizithandiza.

Pamenepo anandiuza nkhani imene sanandiuzepo m'mamawa onse aja.

Anati kunabwera zaka zoipa, mafakitale anatseka, ndipo amuna ovala mataye ankaima pamzere wa buledi pamodzi ndi osesa m'misewu. Oyamba kuchotsedwa ntchito anali akuda. Nthawiyo iwo anali ndi mkazi, dzina lake Hati, wochokera kuminda ya thonje kuja, woimba kwaya, ndi mwana wamkazi, Rute. Eni nyumba anayamba kutulutsa anthu, ndipo m'mawa uliwonse unkapeza bedi ndi mapoto a banja lina zili panja, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikugwera pamwamba. Ndiye anthu a m'deralo anayamba kuchita chinthu. Katundu akangotulutsidwa, ana ankathamanga kukaitana anthu, ndipo ankabwera khamu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, n'kuthyola loko, n'kubwezera zonse m'nyumba. Iwo ananyamulira anzawo ambiri. Tsiku lawo litafika, anzawo anawanyamuliranso.

"Ndiye munapambana," ndinatero.

"Tinagonamo masiku ochepa."

Apolisi anabwera ndi mfuti. Anthu ena anafera pamsewu pomwepo, ena anagwidwa, ndipo iwo anali m'gulu la ogwidwa. Kupolisi zinadziwika kuti alibe mapepala. Hati anathamangira kwa kapitawo wa malasha uja, mwana ali m'manja. Bamboyo anamumvetsera bwinobwino, kenako anati sakudziwa munthu aliyense wa ku Afirika m'dera lake. Sekuru anaona Hati ndi Rute komaliza kudzera pa waya wa zenera la kupolisi. Rute anali atangoyamba kuyenda, ndipo ankafuna kutsika m'manja mwa amake kuti ayende pansi pa simenti. Sekuru anakwezedwa sitima yapamtunda, kenako yapamadzi yowabweza ku Afirika. Nkhondo yaikulu ya dziko lonse itabwera, njira zonse zinatsekeka, ndipo sanamvenso za iwo.

"Nanga lero munanyamuliranji?" ndinafunsanso.

Anayang'ana manja awo. "Sindinaganize, mwana wane. Manja anakumbuka okha." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Ukadzapita kula, udzapeza Jenda yemweyu. Kungoti magetsi ndi ambiri."

Lole itafika anaimirira movutikira, anagwira amayi dzanja n'kunena kuti, "Mwende makora, anyina Tamanda." Amayi anangogwada pang'ono. Ndili pamwamba pa matumba ndinawaona akuwoloka msewu, magalimoto akuwaimbira mahutala.

Ku Ntchisi tinafikira m'khitchini ya azakhali. Chaka chimenecho sindinabwerere kusukulu, ndipo pamene ndinayambiranso anzanga anali atandisiya kutali. Amayi sanagulitsenso mandasi. Ankalima maganyu, ndipo anamwalira ndisanamalize Fomu 4. Za imfa ya Sekuru ndinamva mochedwa, kwa mayi wina wa pa Jenda amene ndinakumana naye akugulitsa tomato ku Kasungu. Anati anamwalira dzinja lotsatira, ndipo pamaliro panabwera anthu ambiri, olemekezeka anathandiza ndi bokosi.

Kwa zaka zambiri ndinkadana ndi anthu amene anaima chapatali tsiku lija. Ndinkawakumbukira nkhope ndi nkhope. Lero, pamene inenso ndakhala m'nyumba za eni ndi kugwira ntchito za eni, chidanicho chinatha, ngakhale sindinganene kuti m'malo mwake munalowa chinthu chabwino. Telala uja makina ake anali pakhonde la a Nyirongo. Mayi wa mwana uja mwamuna wake ankagulitsa fodya kwa a Nyirongo. Aliyense anali ndi kanthu kakang'ono m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo ankakateteza. Anthu a ku Chikago ananyamula katundu chifukwa zonse zinali zitawathera kale, ndipo ngakhale iwowo sanapambane. Ndimavotabe chisankho chilichonse. Ndimadzuka m'mawa, ndimaima pamzere, koma sindinaimbirenso munthu nyimbo.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri si nyumba ija ayi, koma Rute. Ngati anapulumuka zaka zimenezo, ndiye kuti tsiku limene katundu wathu anali panja iye anali kale mayi wa imvi, kwinakwake mumzinda wozizirawo. Mwina anakula akuganiza kuti bambo ake anangowathawa. Panalibe womuuza kuti anakhala ndi moyo mpaka ukalamba, kapena kuti padziko pano pali malo otchedwa Jenda. Ine ndikudziwa zonsezi, ndipo ndilibe kokamuuzira.